Hina ya Dzanja Limodzi

Makina a Walter anayamba kunama atangowoloka Shire.

Ku Utale, kwawo kwa mwini wakeyo, ankanena zoona. Mayi akalowetsa chala m'kabokosi kakudako, kuwala kwa mitundu ingapo kunkawomba pachikhadabo, ndipo pakompyuta pankatuluka mzere wokhotakhota wosonyeza ngati magazi ake ndi okwanira kapena achepa. Popanda singano, popanda kudikira. Pa amayi khumi alionse, asanu ndi anayi zotsatira zawo zinkagwirizana ndi za kulabotale. Uwu ndiwo unali kafukufuku wake wa kuyunivesite, ndipo unali utamudyera zaka zitatu.

Koma pachipatala chaching'ono cha kwa Mposa, kabokosiko kankauza amayi oyembekezera, otumbuluka m'manja ndi m'maso momwe, kuti magazi ali nawo ambiri.

Rukiya ndiye ankagwira manja a amayiwo. Anamulemba ntchito miyezi iwiri yapitayo kuti azimasulira Chiyao ndi kulemba mayankho pafomu. Sabata yoyamba amuna a m'mudzi anadandaula kuti mlendo asamagwire manja a akazi awo, choncho pakati pa chipindacho anapachika katani. Uku kunkakhala Rukiya, amayi ndi kabokosi. Uko Walter ndi kompyuta yake. Amayi a kwa Mposa iye ankawadziwa ndi manambala basi. Iwo ankamutchula Che Tochi, chifukwa cha kuwala kwa kabokosi kake.

Lolemba masana, Chrissie, mnzake wa Walter wa kuyunivesite amene ankayeza magazi mulabotale, anawerenga mokweza uthenga wa apulofesa awo.

"Akuti pofika Lachisanu tikapanda kupeza chifukwa, tilongedze tibwerere. Sangalole makina amene akuuza mayi wodwala kuti ali bwino." Anaika foni patebulo. "Iwe Walter, ndakhala ndikukuuza. Vuto si makina ayi. Vuto ndi amene akufunsa mafunso."

Rukiya anatulutsa mutu kuseri kwa katani. Sanaiphonye "iwe" ameneyo. Iye ndi Walter anali adakali pa "inu".

"Mafunsowo munalemba ndinu, achemwali. Ine ndimangowasenza."

"Kusenza kumene kumatayitsa katundu m'njira."

"Ndiye mawa mudzafunse nokha. Chiyao n'chosavuta, ana a zaka ziwiri amayankhula."

Walter anatsokomola ngati wameza fumbi, koma Rukiya anaona kuti ankabisa kuseka.

*

Chrissie atapita kukasunga mabotolo a magazi mufiriji, Rukiya anakoka mpando n'kukhala mbali ya kompyuta, kumene sankakhalako.

"Tandionetsani bodzalo. Ndikufuna ndilione ndi maso anga."

Walter anatsegula mizere iwiri. "Magazi amameza kuwala kobiriwira, kofiira n'kukabweza. Akachuluka amameza kwambiri, mzere umatsika apa. Akachepa, sutsika kwenikweni. Uyu ndi mayi wa ku Utale." Analoza wina. "Uyu ndi wa kuno, nambala 14. Labotale ikuti magazi ake achepa kwambiri. Koma taonani mmene mzere watsikira. Pali chinachake chimene chikumeza kuwala kwanga, ndipo makina akuyesa ndi magazi."

"Onse a kuno?"

"Iyayi. Makumi atatu ndi mmodzi mwa amayi makumi asanu ndi atatu. Ndasintha babu, ndapukuta galasi, ndaganizira fumbi, kutentha, ngakhale madzi a pamjigo. Palibe."

Rukiya anatenga kaundula n'kuyamba kutsata manambala ndi chala. Abiti Saidi. Abiti Mdala. Mkazi wa ashehe wamng'ono uja. Onse ankawadziwa, koma chowalumikiza sanachione. Ena anali a kumtunda, ena a kudambo la mpunga.

"Inu mankhwala aja mukumwa?" anafunsa Walter mwadzidzidzi.

Tsiku loyamba, poyesa makina, anapeza kuti Rukiya nayenso magazi ake ndi ochepa, ndipo labotale inavomereza. Kuyambira pamenepo ankamulondalonda ndi nkhani ya bonongwe ndi chiwindi.

"Ndikumwa, adokotala."

"Sindine dokotala."

"Nanga n'chifukwa chiyani mukundifunsa ngati amayi anga?"

Walter anayang'ana pakompyuta ngakhale panalibe chatsopano. "Ndikapita Lachisanu, adzakufunsani ndani?"

"Mwapita kale kodi? Lero ndi Lolemba."

"Amayi anga ku Utale angasangalale. Akuti mwana wawo wa kwaya akuchedwa kutsidya kwa Asilamu."

"Amalume anganso angasangalale. Akuti Che Tochi akumaunika zimene sanatumidwe."

Anaseka onse awiri, koma pang'ono chabe.

*

Rukiya ankakhala ndi azakhali ake, a Asiya, amene anamulera mayi ake atamwalira. Dera lonselo mkwati sankalowa m'banja asanadutse m'manja mwawo, chifukwa ndiwo ankadziwa kupaka hina, utoto wa masamba wofiiritsa manja. Madzulo amenewo anawapeza pakhonde akusinja masamba ouma mu kamtondo, pambali pali mandimu ndi tiyi wakuda wozizira.

"Che Akimu anadutsa," anatero osadzutsa mutu. "Atisiyira matemba ndi mpunga. Afunsa za iwe."

Akimu anali ndi sitolo ku Liwonde ndi njinga zamoto zitatu za kabaza. Abale ake anafika kwa amalume a Rukiya masabata atatu apitawo kudzafunsira, ndipo Rukiya anali asanayankhe. Pabanja pawo mtsikana sankavomera ndi pakamwa. Ankakhala manja oyera mpaka tsiku limene wakhutira, ndiye n'kupita kwa azakhali n'kutambasula manja kuti amupake hina. Yankho linali limenelo. A Asiya anali atamuuza kale kuti sadzamufunsanso, adzangodikira manja.

"Ya ndani imeneyo?" anafunsa Rukiya pofuna kusintha nkhani.

"Ya Abiti Saidi. Akuti yomwe ndinawapaka pa nikaha, ukwati wa kudambo uja, yayamba kusuluka. Abiti Mdala nawonso akubwera, ndi kamkazi ka ashehe kaja. Akazi oyembekezera amakonda kudzikongoletsa, kaya n'chifukwa chiyani."

Rukiya anaima ndi ndowa m'manja. Mayina omwewo, mu ndondomeko yomweyo ngati akuwerenga kaundula.

Anayang'ana zikhadabo za azakhali ake. Zinali zofiirira ngati njerwa yootcha, monga zinalili chibadwire chake.

Funso lachisanu ndi chimodzi pafomu linkati: kodi mwapaka kiyutekisi? Amayi ankakwiya nalo funso limenelo. Mkazi woswali apake bwanji kiyutekisi, chinthu chotchinga madzi potawaza asanapemphere? Ankayankha kuti iyayi, ena mpaka kutsonya. Hina sitchinga madzi, ndiye palibe ankaiwerengera. Rukiya analemba "iyayi" kokwana makumi asanu ndi atatu, atagwira zala zofiirirazo m'manja mwake, osaziona.

Analowa m'nyumba n'kulemba uthenga.

"Wakuba kuwala kwanu ndamupeza. Ali pakhonde pathu mu kamtondo."

Walter anayankha nthawi yomweyo. "Ndani?"

"Mawa. Ndipo achemwali anu aja asangalala, chifukwa wolakwa ndine."

*

Chrissie anasangalaladi.

"Ndiye miyezi iwiri yonse mumaona zikhadabo zopakapaka osanena?"

"Inu mukaona munthu wavala nsapato mumanena?" anatero Rukiya. "Kuno hina ndi choncho."

Walter sanali kumvetsera mkanganowo. Anali ataimirira, akuzungulira tebulo. "Imalowa m'chikhadabo mwenimweni? Sichoka ndi sopo?"

"Pakhungu imatha masabata awiri. Pachikhadabo imadikira chikhadabocho chikule, muziwenga pang'onopang'ono. Miyezi inayi, isanu."

"Ndiye ngakhale itasuluka..."

"Maso anu sangaione bwino. Tochi yanuyo ikuiona."

"Nkhani yokoma," anatero Chrissie, "koma apulofesa sadya nkhani. Afuna munthu mmodzi, wa magazi ochepa amene labotale ikuwadziwa kale, woyezedwa chala chopaka ndi chosapaka tsiku limodzi. Amayi anuwa anapaka manja onse awiri."

"Ndipakeni ine," anatero Walter.

"Iwe magazi ako ndi ochuluka kale, bodzalo lioneka bwanji?" Chrissie anatambasula zikhadabo zake zomata, zazitali, zapinki. "Ine musandiyang'ane."

Onse awiri anatembenukira kwa Rukiya. Manja ake anali patebulo, oyera, zikhadabo zowengedwa bwino.

"Iyenera kukhala hina yomweyo imene amayiwa anapaka," anatero Walter mosamala. "Kasakanizidwe komweko. Kodi azakhali anu angavomere?"

Rukiya anadziwa kuti angavomere msanga kuposa mmene Walter ankaganizira. Anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma anaona Chrissie akumuyang'ana ngati munthu wodikira kuti mnzake aterereke. Anaganizanso za Lachisanu, za minibasi yowoloka mlatho wa Liwonde kabokosi kali pamiyendo pa Walter. Ndipo kunena zoona, iye mwini ankafunitsitsa kudziwa ngati wapezadi chimene anthu a madigiri chinawakanika.

"Dzanja limodzi lokha," anatero. "Lamanzere."

*

Lachitatu ataweruka anapeza a Asiya akuchotsa mbale za hina, Abiti Saidi atangochoka. M'mbale imodzi munatsala pang'ono.

Rukiya anakhala pamkeka. "Azakhali, mundimvetse bwino. Izi ndi za kuntchito. Tikufuna kuyesa makina."

Anatambasula dzanja lamanzere.

A Asiya anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana nkhope yake. Kenako anaika dzanja pakamwa n'kuimba nthungululu yoti nkhuku zinabalalika pabwalo.

"Azakhali! Ndati ndi za kuntchito!"

"Eya, mwanangu, eya. Tonse tinkatero. Ine ndinati ndikufuna kuona ngati imayabwa. Mayi ako anati akufuna kuthandiza kuti yotsala isatayike."

"Ine sindinavomere munthu aliyense."

"Pakamwa pavomere chiyani? Pakamwa ndi pa amuna. Bweretsa kuno."

Anagwira dzanjalo mwamphamvu ngati la mwana wokana kusamba. Rukiya akanatha kulikoka. Analiyang'ana likupakidwa chala chimodzichimodzi, hina yozizira, yonunkhira ngati udzu wonyowa.

"Zikhadabo zokha, azakhali."

"Zikhadabo zokha ngati wamasiye?" Anayamba kujambula timaluwa pachikhatho. "Linalo?"

"Linalo ayi."

"Wanzeru. Lamanja tisungire tsiku lenilenilo."

Akazi awiri oyandikana nawo anali atafika kale pampanda, ataitanidwa ndi nthungululu. Rukiya anawauza kuti ndi za makina a Che Tochi. Anagwedeza mitu mokoma mtima, mmodzi n'kumutsina tsaya. Pamene a Asiya ankakulunga dzanjalo m'pepala la pulasitiki, ndi dzanja lina anali akufufuza kale foni m'chilundu.

"Mukuimbira ndani?"

"Amalume ako. Ndiwafunse za mbuzi yawo yodwala ija."

Amalume analibe mbuzi.

Foni ya Rukiya inalira. Anali Walter. "Zatheka?"

Analemba ndi dzanja limodzi. "Zatheka. Mwina mopitirira."

"Mukutanthauza chiyani?"

Anayamba kulemba, n'kufufuta. Anayambanso, n'kufufutanso. Pomaliza anatumiza kuti, "Konzani tochi yanu."

*

Lachinayi m'mawa amayi a pasikelo anali atadzaza benchi. Rukiya podutsa anabisa dzanja m'mpango, koma nkhani inali itafika iye asanafike. Wina anamuitana kuti "amwali a Che Akimu", benchi lonse n'kuseka. Chrissie anali pakhomo la labotale, ndipo Rukiya anamuona akuweramira mayi wina kufunsa chimene akusekacho.

M'chipinda muja Walter anali kale kuseri kwa katani.

"Tiyambe ndi lamanja," anatero.

Rukiya analowetsa chala m'kabokosi. Kuwala kunaphethira, kobiriwira, kofiira, kenako kwina kosaoneka bwino.

"Ochepa. Chimodzimodzi ndi labotale. Tsopano linalo."

Analowetsa chala chofiiracho. Anadikira. Panja mwana ankalira pasikelo.

"A Walter? Mwakomoka?"

Katani inakokedwa mwamphamvu mpaka msomali umodzi unazuka. Walter anatembenuza kompyuta kuti aone. Mizere iwiri, munthu mmodzi. Wachiwiriwo unatsika ngati wa nambala 14.

"Malinga ndi dzanja ili, muli ndi magazi oti mungagawireko anthu awiri." Anagwira dzanja lamanzerelo, nthawi yoyamba chifikireni kwa Mposa, n'kuliyandikiza kuwindo. Analitembenuza, akuyang'ana zikhadabo, kenako timaluwa ta pachikhatho, timene makina sankatifuna. "Zaka zitatu, Rukiya. Palibe buku limene ndinawerenga lonena za kamtondo ka azakhali anu."

"Mudzalembe dzina langa m'buku lanulo."

"Ndidzalemba. Pamwamba."

Sanalisiye dzanjalo. Rukiya sanalikoke.

Apulofesa anayankha pasanathe ola. Walter anawerenga ataimirira: asalongedze. Akhale miyezi ina itatu, ayeze hina yatsopano ndi yosuluka, aphunzitse makina kuisiyanitsa ndi magazi. Amayi makumi atatu ndi mmodzi aja aitanidwenso. Ndipo womasulirayo asamutaye.

"Miyezi itatu," anatero Walter, akumuyang'ana.

"Zabwino zonse," anatero Chrissie ali pakhomo. Ankamwetulira. "Kwa nonse awiri. Makamaka inu, Rukiya. Amayi panjapa andifotokozera bwino. Iwe Walter, wamufunsa mnzakoyu kuti kwawo mtsikana akapaka hina ndiye kuti wanena chiyani?"

Rukiya asanayankhe, panja panaima njinga yamoto.

*

Akimu analowa atavala mkanjo woyera wosita bwino ndi kofia yatsopano, m'khwapa atapanira phukusi. Anali mwamuna wamtali, wosekaseka, wovuta kudana naye.

"Salaam aleikum. Ali uli, Rukiya?" Anaona dzanjalo n'kuseka mosangalala ngati mwana. "Ndimayesa azakhali akundinamiza. Ndatseka sitolo, ndati ndikaone ndekha." Anatembenukira kwa Walter n'kumugwira chanza ndi manja awiri. "Che Tochi! Ndamva kuti ndinu mwamulimbitsa mtima. Masabata atatu ine ndikudikira, inu tsiku limodzi basi. Sikomo kwejinji, achimwene."

"Sindikumva," anatero Walter.

"Aa, simukudziwa? Wavomera. Kwawoku savomera ndi pakamwa." Analoza dzanjalo. "Amalume ake anandiimbira dzulo. Akuti tisachedwe, anthu angayambe kuyankhula. Nikaha Lachisanu la sabata yamawa. Mubwere, mpunga sitisankha mpingo."

"Che Akimu," anatero Rukiya, "hina iyi ndapakira makina awa. Azakhali ndinawauza, akazi a pampanda ndinawauza, tsopano ndikuuza inu."

"Anandichenjeza kuti udzatero." Akimu anaika phukusi patebulo, pambali pa kabokosi. "Nsalu ya tsikulo. Ukaione ngati yakukomera. Ndipo amalume akuti ntchito ino uthere lero. Katani ndi katani, koma..." Anayang'ana katani yolendewera pa msomali umodzi, ndipo kumwetulira kwake kunachepa pang'ono. "Ndikudikira panja. Ndikuperekeza."

Anatuluka. Chrissie anatsatira, koma chitseko anachisiya chotsegula.

Walter anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana mizere iwiri ija nthawi yaitali.

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Bwanji simunandiuze? Ndikanapeza njira ina."

"Pofika Lachisanu? Mukanapeza minibasi."

"Ndiye mwavomera ukwati kuti makina anga apulumuke?"

"Sindinavomere kanthu. Ndinatambasula dzanja, anthu n'kuwerenga zimene amafuna. Ngati makina anu omwewa."

Walter sanaseke. "Rukiya, ine wa ku Utale. Kwanu sindingafike ngakhale pampanda. Ndiuzeni chimodzi chokha. Pa manja awiriwa, ndikhulupirire liti?"

Rukiya anakankhira phukusi la nsalu kumapeto kwa tebulo. Pamalo pake anaikapo dzanja lamanja, loyera, pafupi ndi la Walter.

"Mwayeza nokha m'mawa uno. Lonena zoona mukulidziwa."

Panja Akimu analiza hutala kawiri. Foni ya Rukiya inanjenjemera patebulo, ndipo popeza inali chagada, onse awiri anauona uthenga wa a Asiya.

"Masamba a dzanja linalo ndasinja kale. Usachedwe."